Kampani yobwereketsa zokuzira mawu ya ku Chitawira, monga ndaionera pa pulogalamu ya nyimbo zoimbidwa pompopompo

Mumzinda wa Blantyre muli makampani ambiri obwereketsa zokuzira mawu, ndipo aliyense amene amadutsa pa Comesa Hall kapena pa Robin's Park tsiku Loweruka amadziwa kuti ntchito yawo yaikulu ndi ya maukwati, zinkhoswe, misonkhano ya mapemphero ndi madansi. Ntchito yotereyi imafuna masipika akuluakulu ndi mphamvu zokwanira kuti mawu akafike kwa munthu amene wakhala kumapeto kwenikweni kwa holo. Zofuna za wailesi n'zosiyana kwambiri ndi zimenezi, chifukwa womvera wathu ali pakhonde ku Bangwe ndi kawailesi ka mabatire, ali m'minibasi yopita ku Chirimba, kapenanso ali pa ulonda ku Makata akumvera pa kafoni ka mabatani. Munthu ameneyu masipika athu sawaona, ndipo mawu a woimba akamira m'phokoso la ng'oma, iye amangotembenuzira wailesi yake kwina.

Ine ndimaulutsa pulogalamu ya sabata ndi sabata pa wailesi ina mumzinda uno, ndipo pa pulogalamuyi oimba amabwera ndi zida zawo n'kuimba pompopompo, omvera akumva nthawi yomweyo. Situdiyo yathu, monga masitudiyo ambiri a mawailesi ang'onoang'ono, anaikonza kuti ikhale yowerengeramo nkhani ndi kuchezeramo ndi alendo. Muli tebulo, mamaikolofoni ochepa olankhulirapo ndi makina otumizira mawu ku nsanja youlutsira. Bandi ya anthu asanu ikalowamo zida zimenezi sizikwanira, choncho timabwereka. Kwa nthawi yaitali tsopano takhala tikubwereka ku kampani ina yaing'ono ya ku Chitawira, ndipo ndemanga ino ndi ya ntchito yawo. Dzina lawo sinditchula, popeza sindikufuna kuti zimene ndalembazi zioneke ngati malonda kapena ngati kuwayalutsa pagulu. Cholinga changa n'choti aulutsi anzanga, oyang'anira magulu oimba ndi atsogoleri a makwaya adziwe zimene kampani yotere imatha, zimene imalephera, ndi zimene ayenera kufunsa asanatulutse ndalama. Maganizo anga ndi oti kampaniyi imaidziwa ntchito ya pawailesi kuposa ena onse amene ndagwirapo nawo ntchito, ndipo chimene chimaikweza ndi mmisiri wake wamkulu, ngakhale kuti ili ndi zofooka zina zimene zimatipweteka ndithu.

Za zida zawo sindichulutsa mawu, chifukwa si zachilendo. Amabwera ndi mikisa (makina osakanizira mawu a zida ndi a oimba) ya Yamaha yokhala ndi malo 16 olowetsapo zingwe, yomwe imakwanira bandi ya ng'oma, bezi, magitala awiri, kiyibodi ndi oimba mawu atatu. Pa mawu a anthu amaika Shure SM58, maikolofoni yomwe inatuluka m'chaka cha 1966 ndipo mpaka lero imapezeka pafupifupi pa nsanja iliyonse ya zoimbaimba, pomwe pa ng'oma ndi pa sipika ya gitala amaika SM57, yomwe inatuluka mu 1965. Ubwino wa mamaikolofoni amenewa m'kachipinda kopanikizika ndi woti amatola kwambiri mawu a chinthu chimene chili patsogolo pawo n'kusiya zambiri za kumbuyo. Alinso ndi mamaikolofoni awiri a mtundu wa condenser, omwe amafuna mphamvu ya mavoti 48 kuchokera ku mikisa ndipo amatola ngakhale kapumidwe ka munthu. Awa amawasungira zida zosalumikiza ku magetsi. Kuwonjezera apo pali ma DI box (timabokosi tolumikizira kiyibodi ndi bezi ku mikisa), mahedifoni 6 ndi chikwama cha zingwe. Zonsezi mungazipeze kwa obwereketsa ena ku Limbe kapena ku Ndirande, mwinanso zatsopano kuposa izi.

Kusiyana kumayambira pa mmene mmisiri wamkulu amagwirira ntchito. Bambowa ndi achikulire ndithu, osakonda zolankhulalankhula, ndipo akafika sathamangira kumasula zingwe. Amayamba apempha oimba kuti aimbe kachigawo ka nyimbo yawo yaphokoso kwambiri maikolofoni iliyonse isanaikidwe, iwo ataima pakati pa chipinda n'kumamvetsera. Akatero ndiye amagawa malo. Woimba ng'oma amamuika pakona yotalikirana ndi oimba mawu, n'kutchinga mbali imodzi ndi mabulangete okhuthala amene amayenda nawo. Sipika ya gitala amailozetsa kukhoma n'kuitsitsa kwambiri, ndipo oimba mawu amawaimika moyang'ana kumene kuli ng'oma, kuti kumbuyo kwa mamaikolofoni awo, kumene sikutola mawu ambiri, ndiko kuloze kuphokosoko. Masipika apansi amene oimba anazolowera kudzimverapo pa nsanja amawakaniratu m'situdiyo, chifukwa mawu ake amabwereranso m'maikolofoni n'kuyambitsa kulira koswa makutu kuja, kapena kuchititsa kuti nyimbo imveke ngati ikuchokera mumgolo. Aliyense amavala mahedifoni. Achinyamata ena amanyinyirika poyamba, makamaka oimba gitala amene amakhulupirira kuti chida chawo chimakoma chikakwezedwa, koma bambowa amangowauza modekha kuti, "Achimwene, lero tikuimbira agogo anu amene ali kumudzi ndi kawailesi kawo, ndiye tiyeni tiwaganizire iwowo."

Kawailesi kameneka sangokatchula pakamwa pokha. Amayenda nako m'thumba la jekete, kakang'ono ka sipika imodzi, ndipo pulogalamu ikangoyamba amasiya wothandizira wawo pa mikisa kwa kanthawi, n'kutuluka pakhonde kukamvera zimene zikufika kwa anthu. Amachita zimenezi chifukwa zimene zimamveka m'mahedifoni a m'situdiyo ndi zimene womvera amalandira sizifanana. Wailesi ya FM imanyamula mawu mpaka pa 15 kHz basi, ndipo mawuwo asanafike ku nsanja youlutsira amadutsa m'makina amene amapanikiza chilichonse chokwera kwambiri kuti chisapyole malire. Ng'oma yaikulu ikagunda mopitirira muyeso, makinawo amatsitsa nyimbo yonse pa kamphindi kameneko, ndipo chimene chimavulala ndi mawu a woimba, omwe amayamba kutsika ndi kukwera mosalongosoka. Komanso kasipika kakang'ono sikatha kutulutsa mawu akuya a bezi, choncho bambowa amachepetsa kuya kwenikweniko n'kukweza pang'ono mawu apakati a chidacho, kuti ngakhale womvera pa foni azitha kutsatira mmene bezi ikuyendera. Asanavomereze kuti zonse zili bwino amayesanso nyimbo yonse pa sipika imodzi, popeza kiyibodi imene ikumveka yotambasuka bwino m'makutu awiri nthawi zina imaonda, kapena kusowa kumene, mbali ziwirizo zikaphatikizidwa, ndipo omvera athu ambiri amamvera pa sipika imodzi.

Zotsatira zake n'zoti mawu a woimba amakhala patsogolo nthawi zonse, ndipo kwa ine ichi ndicho chofunika koposa. Omvera a kuno amatsatira uthenga wa nyimbo mwachidwi. Woimba akadandaula za umasiye, za kulandidwa chuma maliro asanathe, za apongozi kapena za kukwera mitengo kwa zinthu, mafoni amayamba kulira nyimbo isanathe, ena akuvomereza, ena akutsutsa, ndipo macheza anga ndi woimbayo amachokera pamenepo. Ngati mawu sanamveke, palibe choti tikambirane, ndipo pulogalamu imasanduka phokoso lodukizidwa ndi malonda. Ndagwirapo ntchito ndi amisiri ena aluso ndithu pa nsanja, amene m'situdiyo ankakweza ng'oma ndi bezi monga amachitira kudansi, ndipo tsiku lotsatira madandaulo a omvera ankabwera kwa ine.

Pamene kampaniyi imandikhutiritsa kwambiri ndi pa zida zathu zachikhalidwe ndi zopanga tokha. Blantyre ndi madera oizungulira ali ndi mbiri yaikulu ya nyimbo zoterezi. Daniel ndi Donald Kachamba anachokera ku Chileka, Allan Namoko ndi gulu lake la Chimvu River Jazz Band anachokera ku Thyolo, ndipo anthu ambiri anawadziwira pa MBC, yomwe inayamba mu 1964 ndipo inali wailesi yokhayo m'dziko muno mpaka m'zaka za m'ma 1990. Oimba amene akutsatira njira imeneyi alipobe, ndipo amatipeza kuchokera ku Chiradzulu, ku Mulanje ndi ku Chigwa cha Shire atanyamula banjo ya chigubu, babatoni, bangwe, valimba kapena ng'oma zachikopa. Zida zimenezi zilibe pobayira chingwe, mawu ake ena ndi otsika kwambiri, ndipo eni ake anazolowera kuimba atakhala pansi kapena pa kampando, moyandikana, akumvana okha. Mmisiri wosazindikira amafuna kuwamwaza, aliyense pa maikolofoni yake, ndipo akatero kayendedwe ka nyimbo kamasokonekera chifukwa oimbawo sakumvananso mmene anazolowerera.

Bambowa amachita mosiyana. Ndinawamva akuuza mkulu wina woimba banjo kuti, "Agogo, khalani mmene mumakhalira kwanu, maikolofoni ndibweretsa ndine," ndipo anachitadi zimenezo. Gulu lonse analisiya litakhala mozungulira, n'kuimika mamaikolofoni awiri a condenser aja patsogolo pake, kenaka n'kumasuntha anthu pang'onopang'ono, wa maseche kumbuyo, wa banjo kutsogolo, mpaka zonse zitalingana popanda kudalira mabatani a pa mikisa. Babatoni ndiye chida chovuta, chifukwa chingwe chake chimodzi chimatulutsa mawu akuya amene kawailesi sikawanyamula, pomwe phazi la woimba likugundanso chikopa cha ng'oma yake. Iwo amaika maikolofoni ina pansi, chapambali pa chikopacho, pamalo pamene kulira kwa chingwe ndi kugunda kwa phazi zimamvekera limodzi. Pa valimba, chida cha timitengo toyalidwa mondondozana tomwe woimba amamenya, amapewa kuyandikitsa maikolofoni pamtengo umodzi, kuopa kuti mbali imodzi ya chidacho ingamveke kuposa inzake. Saikanso zokometsera zambiri pa mawu a oimba oterewa, ndipo ine ndimagwirizana nawo, chifukwa nyimbo ya pakhonde ikapakidwa kulira kwa m'tchalitchi chachikulu imataya chimene anthu amaikondera.

Amadziwanso zimene nyengo ya kuno imachita pa zida. M'miyezi ya June ndi July, chiperoni chikagwa, zikopa za ng'oma zimalefuka chifukwa cha chinyontho, ndipo eni ake amafunika kuziwamba pamoto kuti zilire. M'situdiyo simungakolezedwe moto, choncho bambowa amakumbutsa gululo pa foni kuti lifike msanga, n'kupempha mlonda kuti akonze mbaula kuseri kwa nyumba, ndipo kuyesa komaliza amakuchita ng'oma zitangochoka pamoto. Mu October vuto limakhala kutentha, popeza timazimitsa fani kuti isamveke pa maikolofoni, zitseko zili zotseka, ndipo zingwe za magitala zimasuntha. Pa nthawi ya malonda amatsegula chitseko, n'kupatsa oimba mpata wokonza magitala awo mamaikolofoni onse atatsekedwa. Izi ndi zinthu zing'onozing'ono zimene sizilembedwa pa risiti, koma pulogalamu ya pompopompo imaima kapena kugwa pa zoterezi.

Ntchito ya muulutsi pa pulogalamu yotere ndi yolimbana ndi wotchi. Nkhani zili ndi nthawi yake, malonda amene anthu analipira ali ndi nthawi yake, ndipo pakati pa zimenezi ndiyenera kulowetsapo nyimbo, macheza, moni wa omvera ndi mafoni. Oimba ambiri sanazolowere kuti nyimbo ithe pa mphindi zinayi, makamaka a nyimbo zauzimu, amene mzimu ukawafikira amabwereza kolasi mosawerenga. Ine sindingalankhule ndi mmisiri pakamwa maikolofoni yanga ili yotsegula, choncho timamvana ndi manja, ndipo pa mfundo iyi bambowa ndi odalirika kwambiri. Maso awo amakhala pa ine. Ndikakweza dzanja amadziwa kuti ndikufuna kulowa pamwamba pa nyimbo, ndipo amatsitsa zida mofatsa osadula, kotero kuti womvera amaona ngati zinakonzedwa motero. Macheza akayamba amatseka mamaikolofoni onse a zida n'kusiya ya amene akulankhula yekha, zomwe zimateteza omvera ku zikhosomo, manong'onong'o ndi kukhudzakhudza zingwe kwa oimba amene akudikira.

Za mafoni ndiyenera kuzitchula padera, chifukwa obwereketsa ambiri sazidziwa n'komwe. Womvera akaimba foni kuti alankhule ndi woimba, amayenera kumva zonse za m'situdiyo kupatula mawu ake omwe, apo ayi mawu akewo amamubwerera mochedwa pang'ono n'kumusokoneza mpaka kulephera kumaliza chiganizo. Amisiri amakonza zimenezi ndi njira yotchedwa mix-minus, ndipo mikisa ya alendo ikalumikizidwa ndi makina a wailesi njirayi imasokonekera mosavuta. Bambowa anakhala pansi ndi katswiri wa pa wailesi yathu n'kugwirizana kuti bandi yonse izituluka pa mikisa yawo n'kulowa m'makina athu ngati chinthu chimodzi, pomwe foni ndi maikolofoni yanga zizikhalabe mbali yathu. Kuyambira pamenepo ntchito yanga yatsala yongokumbutsa woimba foni kuti, "Mayi, tsitsani kaye wailesi yanu kuti timvane," ndipo zina zonse zimayenda.

Magetsi ndi nkhani imene aliyense wochita pulogalamu ya pompopompo mumzinda uno amagona akuiganizira. Magetsi ambiri a dziko lino amachokera pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichira, ndipo namondwe wa Ana ataononga malo a Kapichira mu January 2022 dziko linataya mphamvu pafupifupi mamegawati 130, kuzimazima n'kukhala kwa tsiku ndi tsiku. Wailesi yathu ili ndi jenereta, koma pakati pa kuzima kwa magetsi ndi kudzuka kwa jenereta pamadutsa timasekondi tingapo, ndipo timeneti n'tokwanira kuzimitsa kiyibodi, yomwe imatenga nthawi kuti iyakenso ndi kubwerera pa mawu amene woimba anasankha. Kampaniyi imabwera ndi batire ndi inveta yakeyake, ndipo mikisa, kiyibodi ndi mahedifoni zimadya pamenepo kuyambira pachiyambi. Magetsi azimapo nyimbo ili mkati, mababu n'kuthima, koma oimba anapitiriza mumdima ndipo omvera sanadziwe kanthu.

Palinso kung'ung'uza kuja kumene kumamveka pansi pa nyimbo zida zikalumikizidwa pa masoketi osiyanasiyana. Magetsi athu ndi a mavoti 230 pa 50 Hz, ndipo kung'ung'uzako kumachokera pamenepo, pamene zida ziwiri zolumikizana zapeza njira ziwiri zopitira ku waya wa pansi. Ndaonapo anthu ena akuthetsa vutoli pothyola mwendo wachitatu wa pulagi, zomwe n'zoopsa kwambiri, chifukwa woimba amene wagwira zingwe za gitala n'kugunditsa mlomo pa maikolofoni angathe kugwidwa ndi magetsi. Bambowa amakana zimenezi kwamtuwagalu. Zida zonse za bandi amazidyetsa kuchokera pa malo amodzi, ndipo kung'ung'uza kukapitirira amasintha kabatani ka pa DI box kamene kamadula njira ya pansi ya chingwe cha mawu chokha, waya woteteza moyo n'kukhalabe m'malo mwake. Pa ichi chokha ndingawavomereze kwa aliyense amene amasamala za oimba ake.

Zofooka zawo zimayambira pa kusunga nthawi. Kampaniyi ili ndi galimoto imodzi, ndipo tsiku limene ali ndi ukwati kwina galimotoyo imayamba yakatula masipika kuholo isanabwere kwa ife. Aliyense amene amayenda mumsewu wa Masauko Chipembere madzulo amadziwa mmene magalimoto amathinira kuyambira pa Ginnery Corner mpaka ku Chichiri, ndipo pulogalamu ya pawailesi siingasunthidwe ngati mwambo wa ukwati. Afikapo kutatsala mphindi zochepa kuti tiyambe, ndipo zikatero luso lonse limene ndafotokoza lija limasowa mpata, chifukwa kumvetsera, kugawa malo ndi kuyesa zida kumafuna pafupifupi ola lathunthu. Masiku oterewa ndimayamba ndi macheza aatali ndi nyimbo zojambulidwa kale pamene iwo akulumikiza zingwe mwakachetechete kumbuyo kwanga, ndipo nyimbo yoyamba ya bandi imasanduka yoyesera, omvera akumva. Amapepesa ndithu, koma vutoli limabwerezeka m'miyezi imene maukwati amachuluka.

Chachiwiri n'chokhudzana ndi choyambacho, ndipo kwa ine n'chachikulu kuposa zonse. Luso la kampaniyi lili mwa munthu mmodzi. Mmisiri wamkulu akapita kuukwati amatumiza mnyamata wawo wothandizira, yemwe ndi waulemu, wachangu ndi wofunitsitsa kuphunzira, koma makutu ake anakulira m'maholo. Amakweza bezi, amathira zokometsera zambiri pa mawu, ndipo kawailesi kaja sayenda nako. Nyimbo imamveka yokoma m'mahedifoni koma kunja imafika yolemera ndi yosamveka mawu. Mtengo umakhala womwewo ngakhale ntchito yasiyana. Ndinawauza bambowa maso ndi maso kuti, "Bambo, mwanayu mumuphunzitse zimene mumachita pakhonde paja, chifukwa tsiku limene mwadwala ife tilibe kolowera," ndipo anavomera, moti masiku ano amamutuma kukamvera panja n'kumufunsa zimene wamva. Zikusintha, koma pang'onopang'ono.

Zingwe zawo zina, makamaka za magitala, zatha ntchito. Zimathetheka woimba akasuntha, ndipo ngakhale amakhala ndi zapadera, kusintha chingwe nyimbo ili mkati kumamveka kwa omvera. Oimba amene ali ndi zingwe zawo zabwino ndi bwino azibwera nazo. Pa makwaya akuluakulu kampaniyi imaperewera. Mamaikolofoni awiri a condenser amakwanira gulu la anthu khumi kapena khumi ndi awiri, koma kwaya ya anthu makumi atatu imafuna ochulukirapo kuti mawu a amayi, a abambo ndi a wotsogolera alingane, ndipo mahedifoni 6 sakwanira oimba amene akufunika kumva kiyibodi. Tinayesapo kwaya ya amayi a mvano pakhonde la wailesi, ndipo ngakhale bambowa anayesetsa powaimika m'mizere yokhota, mizere yakumbuyo inamveka patali kwambiri. Sanabise, ananena okha kuti ntchito imeneyo ikufuna zida zimene alibe.

Pa nkhani ya ndalama, mtengo wawo umatengera kuchuluka kwa zida, kutalika kwa nthawi ndi mtunda, ndipo poyerekeza ndi makampani akuluakulu a mumzinda uno ndi wofikirika, makamaka pakati pa sabata pamene alibe maukwati. Chimene chimandivuta n'choti sakonda kulemba. Mumagwirizana pa foni, ndipo pakapita milungu ingapo mtengo umasintha popanda chenjezo. Chifukwa chake n'chomveka, pakuti chingwe, batire ndi maikolofoni zonse zimachokera kunja, ndipo ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022 kenaka ndi 44 peresenti mu November 2023, mafuta a galimoto nawo n'kukwera. Komabe wailesi imayendera ndondomeko ya ndalama imene imavomerezedwa pasadakhale, ndipo wothandiza pulogalamu ndi ndalama sangauzidwe mtengo watsopano mwezi uli pakati. Amalandira malipiro pa Airtel Money ndi pa Mpamba, zomwe n'zothandiza, koma risiti yolembedwa imene a ku ofesi yathu ya zachuma amafuna imabwera mochedwa, nthawi zina mpaka kuikumbutsa kangapo.

Chinthu china chimene amachita bwino, chomwe ambiri sachiganizira, ndi kasamalidwe ka zojambulidwa. Pulogalamu iliyonse amaijambula kuchokera pa mikisa, ndipo kwa oimba ambiri ochokera kumidzi iyi imakhala nthawi yoyamba kumva nyimbo zawo zitajambulidwa momveka. Fayilo yotere ikangofika pa WhatsApp kapena kwa anyamata oika nyimbo m'mamemore khadi mumsika wa Limbe, mwini wake sangaibwezenso. Bambowa amapereka zojambulidwazo kwa mtsogoleri wa gulu ndi kwa wailesi basi, ndipo ndawaonapo akukaniza munthu amene ankadzitcha bwenzi la oimba. Lamulo la umwini wa zaluso la 2016 limateteza wopeka nyimbo ndi woiimba yemwe, ndipo bungwe la COSOMA, lomwe linakhazikitsidwa mu 1992, limagawa ndalama kwa eni nyimbo potengera zimene mawailesi alemba kuti anaulutsa. Kulemba mayina a nyimbo ndi a opeka ndi ntchito yanga, koma zimandithandiza kuti fayilo iliyonse imabwera italembedwa dzina la gulu ndi tsiku, osati manambala osadziwika.

Ku ntchito ya kunja kwa situdiyo tawatengako mwa apo ndi apo, m'maholo a sukulu ku Ndirande ndi ku Zingwangwa. Kumeneko amafunika kusangalatsa anthu amene ali m'holo ndi omvera a pawailesi nthawi imodzi, ndipo amatulutsa mawu m'njira ziwiri zosiyana kuchokera pa mikisa yomweyo, ina ya masipika, ina yopita kuwailesi kudzera pa intaneti ya pa foni. Jenereta amaiika patali, kuseri kwa khoma, ndi chingwe chachitali. Masipika awo ndi apakatikati, okwanira holo ya sukulu koma osati bwalo lalikulu, ndipo amene akufuna chionetsero cha pabwalo ayenera kupita kwa ena.

Muulutsi kapena mtsogoleri wa gulu amene akufuna kuwabwereka achite zinthu zingapo pasadakhale. Awatumizire mndandanda wa zida ndi chiwerengero cha oimba masiku angapo tsikulo lisanafike, atchule ngati pali ng'oma zachikopa kapena zida zopanda chingwe, ndipo anene momveka kuti akufuna mmisiri wamkulu, osangoti kampani. Nthawi yofika aitchule yoposa ola limodzi pulogalamu isanayambe, ndipo ngati n'kotheka apewe Loweruka la kumapeto kwa mwezi. Mtengo aupemphe pa uthenga wolembedwa, wotchula tsiku, maola ndi zida, ndipo ngati pulogalamu ndi ya sabata ndi sabata agwirizane mtengo wa miyezi itatu nthawi imodzi. Wa kwaya yaikulu afunse kaye ngati kampaniyi ingabwereke mamaikolofoni owonjezera kwa anzawo, ndipo ngati singathe, achepetse oimba kufika pa khumi ndi awiri, asankhe atatu pa liwu lililonse.